Mkristu Pamene Amnenera Bodza



Pa masiku ano okonzekera chikondwerero cha zaka 100 za parishi yathu, ena akamba za ukwati, ena za kulera ana, ena za ntchito ya akatekisti oyamba. Ine ndasankha nkhani imene sitikonda kuitchula pa nyengo ya chimwemwe, ngakhale yakhala ikuchotsa anthu m'tchalitchi muno mwakachetechete, mmodzimmodzi, popanda belu kulira. Funso langa ndi ili: kodi Mkristu achite chiyani pamene anzake amnenera bodza, mbiri yoipa niyenda mudzi wonse, iye wosalakwa?

Bodza lipweteka koposa ndodo. Ukamenyedwa, anthu aona bala nakupepesa. Ukanamiziridwa, moni uyamba kuchepa, pachitsime nkhani idukira pakati iwe ukangotulukira, ana ako abwera kuchokera kusukulu maso ali ofiira, osafuna kunena chimene amva. Pamenepo aphungu sasowa. Wina ati, khala chete, Mulungu adziwa. Wina ati, iai, dziteteze, ukakhala chete ayesa wabvomera. Onse awiri angathe kuloza kwa Ambuye athu. Pamaso pa Pilato, akumneneza zambirimbiri, Yesu sanayankhe, mpaka bwanamkubwayo anazizwa. Koma usiku wa dzulo lake, kwa Anasi, msilikali atammenya khofi, Yesu yemweyo anamfunsa kuti aonetse choipa chimene Iye ananena. Tsono kukhala chete sikuli lamulo la nthawi zonse, ndi kuyankha sikuli tchimo. Ngozi yeniyeni iri pena, ndipo kuti tiione bwino ndikutengerani ku nkhani ya m'chigwa chathu chino cha Zambezi, yakale koposa parishi yathu kanai ndi kupitirira.

M'chaka cha 1560 wansembe wa chipani cha Ayezuiti, dzina lake Gonçalo da Silveira, anafika pa chilumba cha Mozambique kuchokera ku Goa, m'dziko la India. Atalalika kanthawi kwa mfumu Gamba kufupi ndi Inhambane, anakwera mtsinje wa Zambezi, napitira pa Sena ndi pa Tete, ndipo pa nyengo ya Krisimasi ya chaka chomwecho anafika ku likulu la Mwene Mutapa, m'dziko limene lero tilitcha Zimbabwe. Mfumu ya nthawiyo, Negomo Mupunzagutu, inali mnyamata. Inamlandira bwino mlendoyo, nimtumizira golide, ng'ombe ndi antchito. Iye anabweza, ndipo mfumu inadabwa, pakuti Mpwitikizi wokana golide inali isanamuone. Pasanapite masabata ambiri mfumu inabatizidwa, nilandira dzina la Sebastião. Mai ake anabatizidwanso, pamodzi ndi anthu ena ngati 300.

Manong'onong'o anayambira pomwepo. Ku likuluko kunali amalonda Achisilamu ochokera kugombe, amene makolo ao anagula golide ndi minyanga m'dzikomo Apwitikizi asanafike. Iwo anaona kuti ubwenzi watsopanowu uwalanda malonda. Anauza mfumu kuti mlendoyo ndi mfiti ndiponso kazitape, kuti madzi amene anaithira pamutu ndiwo mankhwala olandira dziko, ndi kuti pambuyo pake pakudza asilikali. Anaombeza ula, ndipo ula, monga mwa khalidwe lake, unabvomera chimene oombezetsa anafuna kumva. Tikumbukire kuti amene anatilembera nkhaniyi ndi Apwitikizi. Amalondawo sanatisiyire mau ao. Tikumbukirenso kuti mantha a mfumu sanali opanda pake, pakuti Apwitikizi analilakalakadi golide wa dziko lija. Bodza limene lipha munthu kawirikawiri limera pa mantha oona. Choona chinali chakuti kuli alendo osirira dziko. Bodza linali lakuti wansembe uyu ndiye mfiti yao.

Mpwitikizi wina wamalonda wokhala komweko, António Caiado, bwenzi la mfumu, anamva zimene zinapanganidwa, nakachenjeza Silveira. Njira yothawira inalipo, koma sanathawe. Pa 15 Marichi 1561 anabatiza anthu ena 50, anamvetsera kulapa kwa Apwitikizi amene anali pafupi, natumiza zipangizo za Misa kwa Caiado kuti zisadetsedwe. Za mfumu ananena kuti aikhululukira popeza ndi mnyamata, ndi mai ake popeza anyengedwa. Usiku womwewo anthu analowa m'nyumba yake nampotola khosi ndi chingwe, nakataya mtembo mu mtsinje wa Musengezi, umene madzi ake lero athira m'nyanja ya Cahora Bassa. Anali ndi zaka 35.

Olalika ambiri alekezera pamenepa. Ine ndipitirira, chifukwa mbali yotsala ndiyo itikhudza kwambiri.

M'chaka cha 1569 mfumu ya ku Portugal inatuma Francisco Barreto ndi gulu la nkhondo, ati kukalipsira imfa ya wansembeyo, ngakhale maso anali pa migodi ya golide. Kumapeto kwa 1571 gululo linafika pa Sena. Kumeneko akavalo anayamba kufa, asilikali nagwa ndi malungo tsiku ndi tsiku. Lero mwana wa sukulu angatiuze chifukwa chake: chigwa cha Zambezi chiri ndi udzudzu, chiri ndi kashembe, ndipo kavalo wochokera kutali sakhalitsa m'menemo. Koma m'gululo munali wansembe wina, wa chipani chomwecho cha Silveira, dzina lake Francisco de Monclaro, amene mtima wake unali wowawa kale pa Asilamu. Iye analimbikira kuti amalonda Achisilamu a pa Sena, amene analandira gululo mwaulemu, ndiwo athira mankhwala akupha. Anthuwo anagwidwa, naphedwa imfa zankhanza zimene sindifuna kuzifotokoza m'nyumba ya Mulungu. Akavalo sanaleke kufa, malungo sanaleke. Barreto mwini wake anafera pa Sena pomwepo m'chaka cha 1573, osaliona likulu la Mwene Mutapa.

Taonani, abale anga. Pakati pa Musengezi ndi Sena pali zaka ngati 10 zokha. Mlandu ndi umodzimodzi: uyu ndi wamankhwala, aphedwe. Chasintha ndi pakamwa ponenera. Silveira anamlanda moyo, koma palibe amene anatha kumsandutsa munthu wabodza. Anatsikira m'madzi a Musengezi ali yemwe uja amene Mulungu anamdziwa. Amene anadza kudzamlipsira, iwo ndiwo anagonjetsedwa, pakuti bodza limene linapha mbale wao linawalowa m'kamwa, nalilankhula ndi mtanda pachifuwa. Ine ndikaganizira nkhaniyi, sindiopa Musengezi monga ndiopera Sena.

Ndipo ku Sena sikutali. Ulendo wake uyendedwa usiku umodzi, munthu ali gone pamphasa pake. Wamva zimene akunena, tulo tathawa, mtima uyamba kufufuza kuti anayambitsa ndani. Ukampeza, kapena ukangomganizira, uyamba kutola zake: mwana wake uja mimba ija inali ya yani, mbuzi zija anazipeza bwanji, ndalama za chopereka zija zinathera kuti. Zina uzidziwa, zina ungoziyesa, koma pofika mbandakucha zoyesa zija zasanduka zodziwa, ndipo dzuwa lisanakwere wauzako mlamu wako. Masiku ano sikufunikanso kuyenda. Lamya ya m'manja ifikitsa mauwo ku Tete, ku Lilongwe ndi ku Joni nsima isanapse. Mwina wina ati, koma zimene ndinanena ine nzoona. Eklezia atiphunzitsa kuti lamulo lachisanu ndi chitatu liletsa zonse ziwiri: kunamizira mnzako, ndi kuulula zolakwa zake zobisika popanda chifukwa choyenera. Kubwezera sichiri chifukwa choyenera. Choona cholankhulidwa kuti chilase chigwira ntchito ya bodza.

Njira ina yopita ku Sena ndiyo ya kwa sing'anga. Mkristu wonamiziridwa athamangira kukaombeza kuti adziwe amene akumdyera miseche, kapena kuti ayeretse dzina lake. Makolo athu anali ndi mwabvi, ndipo osalakwa ambiri anaupempha okha, pokhulupirira kuti asanza. Manda ao alipo. Ula sungabwerere wopanda dzina, pakuti wolipira afuna dzina. Upita ndi bala limodzi, ubwera ndi mdani watsopano, amene mwina sanakutchulepo nkamodzi komwe.

Nanga tsono tichitenji? Poyamba pa zonse, usiku woyambawo ndi wa Mulungu, suli wa mlamu wako. Gwada, umuuze zonse monga zikuwawira, osakometsa mau. Iye sakhumudwa ndi kulira kwa munthu wolakwiridwa. Pamaso pake udzifunsenso mosadzinyengerera ngati m'zimene akunenazo muli kachidutswa koona. Akuti unaba ndalama za mphakati. Sunabe, koma kodi unaziwerengapo poyera chaka chino? Ngati ai, konza chimenecho mawa, ndipo bodza litsala lopanda pogwira. Pambuyo pake tsata njira imene Ambuye anatipatsa mu Mthenga Wabwino wa Mateyo, mutu 18. Upite kwa mwini wake, muli awiri, masana, wosamwa kanthu. Akakana kumva, ubwerenso ndi munthu mmodzi kapena awiri a mutu wozizira, osati abale ako okhaokha. Akakanabe, nkhani ifike kwa akulu a mphakati. Ambiri a ife tiyambira kumapeto: mudzi wonse udziwa kuti takwiya, mwini wake yekha ndiye sitinamuone.

Pamene wapatsidwa malo olankhula, nena choona momveka, ndi mboni ngati ziripo, kamodzi. Usachite manyazi kutero. Paulo Woyera, atanenezedwa zabodza, anadziteteza pamaso pa abwanamkubwa, ndipo poona kuti mlandu ukupotozedwa anapempha kuti ukaweruzidwe kwa Kaisara. Tiwerenga zimenezi mu Ntchito za Atumwi, mutu 25. Bwalo la mfumu ndi bwalo la boma siziri zoletsedwa kwa Mkristu. Koma ukanena, leka. Munthu amene ayenda khomo ndi khomo mwezi wathunthu kufotokoza kuti sanachite, ndiye asenza bodzalo kulifikitsa kumene linali lisanafike.

Alipo oyera amene anasankha kusayankha konse. Gerardo Majella, bulazala wa ku Italy, m'chaka cha 1754 ananamiziridwa chigololo. Mkulu wa chipani chake, Alfonso Woyera, anamletsa kulandira Ukaristia, iye osatsutsa ngakhale liu limodzi, mpaka mtsikana amene anapeka nkhaniyo anadwala nabvomera kuti ananama. Njira imeneyo ndi yopatulika, koma ndisakunamizeni kuti ndi ya aliyense. Gerardo analibe mkazi, analibe ana. Dzina la bambo wa banja ndi dzina la ana ake. Dzina la mai ndilo liyang'anidwa pamene mwana wake wamkazi afunsiridwa. Dzina la katekisti ndi dzina la tchalitchi chonse chimene atsogolera. Chimene chiri chako chokha ungathe kuchipereka nsembe. Chimene usungira ena uyenera kuchiteteza.

Ndipo kukhululuka? Kukhululuka sikutanthauza kunena kuti palibe chinachitika, kapena kubvomera mlandu umene sunapalamule kuti mtendere ubwere. Silveira sananene kuti ndine mfiti. Anangokana kufunira mnyamata uja choipa, nampezera chifukwa chomchitira chifundo. Kwa ife chiyeso chake nchapafupi: kodi ungathe kutchula dzina la wokunamizirayo m'pemphero la madzulo, osati kuti Mulungu amkanthe? Kukagwa maliro kwao, kodi upita ndi khasu lako? Mtima ungatsale m'mbuyo miyezi yambiri, ndipo si tchimo kuti balalo liwawabe. Miyendo iyambe, mtima utsatira.

Pali anthu ena amene zonse ndanenazi sizingawathandize, chifukwa alibe pakamwa pomveka. Mwana wamwalira mwadzidzidzi, ndipo maliro asanaikidwe maso onse atembenukira kwa agogo amasiye okhala okha kumapeto kwa mudzi. Iwo akalira, akuti ndi misozi ya mfiti. Akapanda kulira, akuti taonani kuuma mtima. Adzayankha chiyani? Akulu amene muli pano mukumbukanso zaka za nkhondo imene inatha pa 4 Okutobala 1992, pamene liu limodzi lonong'onezedwa kwa amfuti, lakuti uje apereka ufa kwa a mbali inayo, linali lokwanira kuti munthu atengedwe usiku osabwereranso; ndipo nthawi zina pansi pa liulo panali mkangano wa malire a munda. Pa milandu yotere yankho la Chikristu siliri m'kamwa mwa wonamiziridwa. Liri m'kamwa mwa ife oimirira pambali. M'buku la Danieli, mutu 13, Suzana ananamiziridwa ndi akulu awiri oweruza, ndipo khamu lonse linawakhulupirira chifukwa cha imvi zao. Iye anangofuulira kwa Mulungu. Mulungu sanatsitse moto. Anautsa mnyamata mmodzi amene anakana kutsata khamu, nawalekanitsa akuluwo, nafunsa yense payekha kuti zinachitikira patsinde pa mtengo wanji. Mmodzi anatchula mtengo wina, mnzake wina. Funso limodzi laling'ono linapulumutsa moyo. Nafenso tingathe kulifunsa: munaona ndinu? Liti? Panali yani? Tikonda kuthawira ku mwambi wakuti pafuka utsi pali moto, koma mwambi umenewo walowetsa osalakwa ambiri m'manda. Nthawi zina chimene tiyesa utsi ndi fumbi chabe, limene wina walipalasa dala.

Amene afunsa mafunso otere akonzeke, pakuti bodza litembenukira iye. Pa 16 Disembala 1972 asilikali a boma la Apwitikizi anapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu ndi midzi yozungulira, kumwera kwa mzinda wa Tete. Opulumuka anafotokoza zimene anaona, ndipo ansembe, pakati pao Bambo Domingos Ferrão ndi ansembe a ku Spain a chipani cha Burgos, analemba maina a akufa. Pa 10 Julai 1973 Bambo Adrian Hastings anaulutsa nkhaniyi m'nyuzipepala ya The Times ku London. Boma la ku Lisboa linayankha kuti ansembewo ndi abodza, ndi kuti mudzi wa dzina limenelo kulibe nkomwe. Iwo sanabwezere chipongwe, sanakometsenso nkhani kuti imveke yoopsa koposa. Anagwiritsa maina, tsiku ndi malo. Munali m'mwezi wa Sepitembala 2022, ku Maputo, pamene nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, inabvomera poyera kuti chimene chinachitika ku Wiriyamu nchosakhululukika. Zaka pafupifupi 50. Ambiri amene anatchedwa abodza sanakhale ndi moyo kuti amve mauwo. Nchifukwa chake sindingakulonjezeni kuti dzina lanu lidzayera mukali moyo. Gerardo anadikira miyezi, a ku Wiriyamu anadikira theka la zaka 100, ndipo alipo amene adzadikira mpaka tsiku la chiweruzo.

Ndisanakhale pansi ndilankhule ndi mbali inayo, pakuti m'tchalitchi muno onamiziridwa ndi onamizira akhala pa benchi limodzi, ndipo ambiri a ife takhalapo mbali zonse ziwiri. Woba mbuzi akadza kudzalapa, wansembe amuuza kuti abweze mbuziyo. Woba dzina la mnzake ali ndi ngongole yomweyo. Kunong'oneza tchimolo m'kalapiro sikukwanira. Uyenera kubwerera kwa anthu omwe aja unawauza, nunene kuti zija ndinanena za uje sizinali zoona, kapena kuti ndinalibe umboni. Nkobvuta koposa kubweza mbuzi, chifukwa mbuzi ibwezedwa usiku, koma dzina libwezedwa masana, anthu akuona. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mlomo umenewo utsata munthu mpaka pa guwa.

M'mabuku a ubatizo a parishi yathu, amene tidzawanyamula pa mdipiti wa chikondwerero, muli maina a anthu amoyo amene sitiwaonanso pa Misa. Ena anasamuka, ena analowa mipingo ina pa zifukwa zao. Koma mphakati uliwonse udziwa mmodzi kapena awiri amene anachoka chifukwa cha mau: mai amene ananenedwa ndi mwamuna wa mwini, msungichuma amene sanapatsidwe mpata wotsegula buku lake, agogo amene ana aang'ono anaphunzitsidwa kuwathawa panjira. Ndikupempha akulu a miphakati kuti Lamulungu likudzali, ikatha Misa, mukhale pansi nimutchule mainawo, chitseko chiri chotseka, popanda kuyambanso kuweruza milanduyo. Musankhe anthu awiriawiri okawayendera, ndipo kumene kungatheke, mmodzi wa awiriwo akhale wa banja limene mau aja anatulukira. Musapite ndi kalata yoitanira ku phwando. Mukafika, khalani pansi pakhonde, mulandire madzi akumwa ngati akupatsani, ndipo muwalole ayambe ndiwo kulankhula. Ena adzakubwezani pachipata ulendo woyamba. Mukatero mudziwitse Bambo Mfumu, kuti ulendo wachiwiri adzapite nanu.